Buku likatsekedwa m'pamene timadziwa zimene mwana waphunzira

Mlongo wanga amakhala ku Turffontein, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, kumene amafika atakwera matakisi awiri m'mamawa uliwonse. Chaka chatha, Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, anandiitanira pambali n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Achimwene, mwana wanuyu amawerenga mpaka pakati pa usiku, ine ndimamuona ndi maso angawa, koma malikisi ake sakusonyeza. Kodi ndiye kuti mutu wake ndi wouma, kapena pali china?" Popeza ndine malume wake wa mtsikanayo, komanso ndinagwira choko zaka 9 kumudzi ndisanabwere kuno ku Joni, nkhaniyi sindikanatha kuikankhira kwa munthu wina.

Loweruka lotsatira ndinapita kukamuona. Nthawi imeneyo anali mu Giredi 10, ndipo ankakonzekera mayeso a Life Sciences, sayansi ya zamoyo, pa mutu wa mtima ndi kayendedwe ka magazi. Atandipatsa buku lake ndinapeza masamba onse a mutuwo ali chikasu chokhachokha, chifukwa pafupifupi mzere uliwonse anali ataupaka ndi cholembera chowalitsa mawu, ndipo m'kope lake anali atakopera ndime zonsezo ndi zilembo zaudongo zedi. "Amalume, mutu umenewu ndawerenga kanayi," anatero mosakayika. Ndinatseka bukulo, n'kuliika pansi pa mpando umene ndinakhalapo, kenako ndinamupatsa pepala lopanda kanthu ndi kumupempha kuti ajambule mtima, andiuze njira imene magazi ochokera kumwendo amadutsa mpaka kubwereranso kumwendoko. Anajambula zipinda zinayi za mtima bwinobwino, analemba mayina ake, koma atafika poti anene mbali imene imatumiza magazi kumapapo, cholembera chinaima. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi pa mpando wanga, misozi ili lengelenge, ndipo pomaliza anati, "Komatu ndikaona m'bukumo ndimazidziwa zonse."

Sankanama ayi, ndipo vuto lonse lagona m'mawu akewo. Kuzindikira chinthu chikakhala pamaso pako n'kosiyana ndi kuchitulutsa wekha m'mutu pamene palibe chokukumbutsa. Ambirife zinatichitikirapo pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima kuno ku Joni, kukumana ndi munthu wa kwathu amene nkhope yake tikuidziwa ndithu, kupatsana moni mosangalala, koma dzina lake osabwera. Mwana akawerenga tsamba kachinayi, mawu aliwonse amakhala ngati nkhope yodziwika, ndipo mtima wake umakhazikika poganiza kuti wadziwa, pamene pepala la mayeso silimuonetsa nkhope, limamufunsa dzina.

Nkhaniyi akatswiri a za kaganizidwe ka munthu anaiyesa mosamala. M'chaka cha 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa Washington University mumzinda wa St. Louis ku America anapatsa ophunzira nkhani zazifupi za sayansi. Gulu lina linapatsidwa mpata wowerenga nkhaniyo maulendo anayi, pamene gulu lina linawerenga ulendo umodzi wokha, ndipo maulendo atatu otsalawo linangopatsidwa pepala kuti lilembe zonse zimene likukumbukira popanda kuona nkhaniyo. Atawayesa patangopita mphindi 5, owerenga mobwereza aja ndiwo anapambana. Koma atawayesa patatha mlungu umodzi zinthu zinatembenuka, pakuti owerenga mobwereza anakumbukira pafupifupi mfundo 40 pa 100 zilizonse, pamene amene ankadziyesa okha anakumbukira pafupifupi 61. Chimene chimandikhudza kwambiri pa kafukufuku ameneyu n'chakuti ofufuzawo anafunsanso ophunzirawo mmene ankaganizira kuti adzakumbukira, ndipo amene anali ndi chikhulupiriro chachikulu anali omwe aja owerenga mobwereza, amene pamapeto pake anaiwala zambiri. Ndinaona mwana wa mlongo wanga ali m'gulu limenelo, wakhama, wodzidalira, koma wonamizidwa ndi njira imene ankaikhulupirira.

Patapita zaka zingapo, mu 2013, John Dunlosky wa pa Kent State University pamodzi ndi anzake anaunika njira 10 zimene ophunzira amakonda kugwiritsa ntchito, poyang'ana umboni umene unalipo pa njira iliyonse. Ziwiri zokha ndizo anazipeza kuti n'zothandiza kwambiri kwa ophunzira a misinkhu yosiyanasiyana ndi maphunziro osiyanasiyana, ndizo kudziyesa wekha ndi kugawa nthawi yowerenga pa masiku otalikirana. Kupaka mizere ndi kuwerenga mobwerezabwereza, zimene ana athu amathera nazo usiku, anaziika m'gulu la njira zopindulitsa pang'ono. Izi sizikutanthauza kuti kuwerenga n'kopanda ntchito, pakuti munthu sangakumbukire chimene sanachimve n'komwe. Zikutanthauza kuti ukawerenga kamodzi kapena kawiri n'kumvetsa, nthawi yotsalayo imapindula koposa ukatseka buku n'kuyamba kudzifunsa.

Njira yachiwiriyo, ya kugawa nthawi, imandikumbutsa mmene ife tinkachitira ku sekondale yogonera konko pamene mayeso a MSCE ayandikira. Tinkaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere, magetsi akazima tinkayatsa koloboyi, ndipo amene wachezera mpaka tambala woyamba ndiye tinkamutcha wolimbikira. Zina mwa zimene tinalowetsa m'mutu usiku umenewo zinatithandizadi m'mawa mwake, sindikana, koma pofika mwezi wotsatira zinali zitapita ngati madzi a m'dengu. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anali atafotokoza kale zimenezi mu 1885. Iye ankaloweza timawu topanda tanthauzo n'kumadziyesa yekha patapita nthawi zosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, kenako kumayamba kuyenda pang'onopang'ono. Anaonanso kuti kubwereza kogawidwa pa masiku angapo kumabala zambiri kuposa kubwereza komweko kounjikidwa nthawi imodzi. Harry Bahrick, katswiri wina wa ku America, anachita kafukufuku wa zaka zambiri pamodzi ndi a m'banja lake pophunzira mawu a zilankhulo zachilendo, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 1993 zinaonetsa kuti kubwereza maulendo 13 motalikirana masiku 56 kunasunga mawuwo m'mutu mofanana ndi kubwereza maulendo 26 motalikirana masiku 14. Mlimi aliyense wa chimanga amadziwa kuti feteleza wokulitsa ali ndi nthawi yake ndipo wobereketsa ali ndi nthawi yake, ndipo palibe amene amathira matumba onse tsiku lobzala n'kumayembekezera kudzaza nkhokwe.

Za tulo ndingonena mwachidule kuti kuyambira mu 1924, pamene John Jenkins ndi Karl Dallenbach anaonetsa kuti munthu amene wagona atangophunzira amaiwala zochepa kuposa amene wakhala maso kwa maola omwewo, umboni wakhala ukuchulukirachulukira wakuti ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira pamene munthu ali m'tulo. Beseni lathu lija linkatibera chinthu chimene tinkachifuna kwambiri.

Zimene tinagwirizana ndi mwanayo sizinafune ndalama, ndipo ichi n'chofunika kwa ife amene timawerengera randi iliyonse tisanatumize kumudzi. Akaweruka kusukulu, asanatsegule kope, amatenga pepala n'kulemba zonse zimene akukumbukira pa phunziro la tsikulo kwa mphindi 10. Akatha m'pamene amatsegula kope, n'kuwonjezera zimene anasiya ndi kukonza zimene analakwitsa pogwiritsa ntchito cholembera cha mtundu wina, kuti mipata ya m'mutu mwake ioneke poyera. Gawo la kukonzali silofunika kulidumpha, chifukwa mwana amene amadziyesa koma osaona yankho lolondola akhoza kukhwimitsa cholakwa chake. Mutu womwewo amaubwerera patatha masiku awiri kapena atatu, kenako patatha mlungu, kenako patatha mwezi, ndipo masikuwo amawalemba pa kalendala imene amayi ake anaipachika kukhomo.

Pa mawu a Chiafrikaans, chimene amaphunzira ngati chilankhulo chowonjezera ndipo palibe aliyense wa ife amene angamuthandize nacho, tinatengera njira imene mtolankhani wa ku Germany, Sebastian Leitner, anaifalitsa mu 1972. Tinadula timakadi kuchokera ku makatoni a tiyi, kutsogolo liwu, kumbuyo tanthauzo lake, ndipo tinagawa chigoba cha ayisikilimu m'zigawo zitatu. Kadi limene wayankha molondola limasamukira m'chigawo cha kumbuyo, chimene amachiona mwa apo ndi apo, pamene limene walephera limabwerera kutsogolo, kumene amaona tsiku lililonse. Motero nthawi yake yambiri imathera pa mawu amene akumuvuta, osati pa amene amamusangalatsa chifukwa amawadziwa kale. Timakadi tochepa amatimanga ndi mphira n'kutiika m'thumba la yunifolomu, ndipo amationa ali pa mzere wodikira takisi.

Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo a matiriki, amene ndi mayeso omaliza a sekondale kuno, pamodzi ndi mayankho ake, amapezeka mwaulere pa tsamba la pa intaneti la Department of Basic Education, unduna wa boma woona za sukulu, ndipo ana ambiri a kuno amawadziwa. Chimene ndaona n'chakuti ambiri amawerenga funso, n'kuthamangira ku yankho, n'kugwedeza mutu kuti akanalemba zomwezo. Kumeneko n'kuwerenga mobwereza komwe kuja, kwangosintha malaya. Pepala lakale limathandiza pamene mwana walilemba yekha mpaka kumapeto, mayankho ali kutali, kenako n'kudzichonga mosadzikondera. N'chimodzimodzinso kwa abale athu kumudzi amene akukonzekera mayeso a MANEB, ngakhalenso kwa akuluakulu anzanga amene akuwerenga buku la K53 kuti apeze chiphaso chophunzirira kuyendetsa galimoto, kapena amene akuchita maphunziro a yunivesite ya UNISA usiku ataweruka kuntchito.

Masamu ali ndi msampha wakewake. Mabuku ambiri amapereka njira imodzi, kenako mafunso 20 ofuna njira yomweyo, ndipo mwana akafika pa funso lachisanu sakuganizanso, wangogwira kayendedwe kake ngati wopalasa njinga pamalo otsetsereka. Pa mayeso mafunso amabwera osakanikirana, ndipo ntchito yoyamba, imene sanaiyeserepo, ndi kuzindikira kuti funso ili likufuna njira iti. Doug Rohrer ndi Kelli Taylor a pa University of South Florida anayesa zimenezi mu 2007 pophunzitsa ophunzira kupeza kukula kwa mkati mwa zinthu za maonekedwe anayi osiyana. Amene ankayeserera mtundu umodzi nthawi imodzi ankaoneka ochita bwino pa nthawi yoyesererayo, koma pa mayeso a patatha mlungu anapeza pafupifupi 20 pa 100, pamene amene ankayeserera mosakaniza anapeza pafupifupi 63. Komabe apa pafunika kusamala, chifukwa kusakaniza kumathandiza mwana amene njira iliyonse waimva kale. Kwa amene akungoyamba kumene, kafukufuku wa John Sweller wa ku Australia ndi anzake, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, anaonetsa kuti n'kwabwino kumuonetsa kaye zitsanzo zosovedwa kale sitepe ndi sitepe, m'malo momuponya m'madzi akuya kuti adzipezere yekha njira.

Powerenga zonsezi sindinaleke kuganiza za kalasi langa la Sitandade 6 kumudzi, limene linali ndi ana opitirira 100, ambiri atakhala pansi. Ndikamaliza kufotokoza ndinkafunsa kuti, "Mwamva?" ndipo kalasi lonse linkayankha ndi mawu amodzi kuti, "Eee!" Ndikafunsa funso, ana onse ankayimba yankho limodzi, ndipo khutu langa linkakhutira. Lero ndikudziwa kuti m'nyimbo imeneyo ana asanu kapena asanu ndi mmodzi a kutsogolo ndiwo ankatulutsa yankho m'mutu mwawo, ndipo otsalawo ankangotsatira milomo ya anzawo. Ena mwa iwo ndinawapititsa patsogolo ndisanadziwe kuti sankatha kugawa nambala, ndipo zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Sindikunyoza kuloweza pamtima, chifukwa mwana amene matebulo ochulukitsa ali kunsonga kwa lilime lake amakhala ndi malo m'mutu oganizira funso lenileni. Cholakwika chinali chakuti yankho la gulu linkabisa mwana mmodzimmodzi, ndipo ine ndinalola kuti abisike.

Loweruka masana ndimathandiza ana ochepa a Amalawi anzathu m'galaja ya mkulu wina wa mpingo ku Rosettenville, ndipo kumeneko ndimayesetsa kuchita mosiyana. Timayamba ndi mafunso asanu, atatu a mlungu watha ndi awiri a mwezi watha, aliyense kulemba yankho lake pa pepala n'kulikweza m'mwamba nthawi imodzi, kuti ndione onse. Barak Rosenshine, amene anasonkhanitsa zimene aphunzitsi ochita bwino amachita, anaika kubwereza kwachidule kotereku poyambirira pa mfundo zake zimene zinafalitsidwa mu 2012. Ndinaphunziranso kudikira. Mary Budd Rowe, katswiri wa za maphunziro wa ku America, m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, ndipo akazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo ana amene amakhala chete amayamba kuyankha nawo. Kwa ana athu, amene funso limawapeza m'Chingerezi pamene kunyumba amalankhula Chichewa ndipo pabwalo amasewera m'Chizulu kapena m'Chisotho, masekondi amenewo ndi amtengo wapatali, chifukwa yankho limayenda ulendo wautali lisanafike pakamwa. Mafunso amenewa sindiwerengera malikisi, ndipo wolakwa sadzudzulidwa, pakuti mwana amene amaopa kunyozedwa amasiya kuyesa, ndipo akasiya kuyesa njira yonseyi yafa.

Milungu yoyambirira mwana wa mlongo wanga sanasangalale nazo. Anandiuza mosabisa kuti, "Amalume, njira yanuyi ikundichititsa kudziona ngati mbuli. Kale ndikawerenga ndinkagona mtima uli m'malo." Ndinamumvetsa, chifukwa pepala lopanda kanthu silinyengerera munthu. Robert Bjork wa pa University of California ku Los Angeles analemba mu 1994 za zovuta zimene zili zofunika pophunzira, kutanthauza kuti njira zina zimene zimachedwetsa munthu ndi kumutopetsa pa nthawi yophunzira ndi zomwezo zimene zimachititsa kuti zophunzirazo zikhalitse. Ndinamuuza kuti walira mvula walira matope, ndipo kuti kuvutika kumene amamva pofunafuna yankho m'mutu ndiyo ntchito yeniyeniyo ikuchitika, osati chizindikiro chakuti mutu wake ndi wouma. Ndinamulimbikitsanso kuti pa mfundo iliyonse azidzifunsa kuti n'chifukwa chiyani zili choncho, popeza mfundo imene yamangiriridwa ku chifukwa chake sithawa msanga.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti munthu wothandiza kwambiri pa zonsezi adzakhala mlongo wanga yemwe, amene sukulu analekera Sitandade 7 ndipo kwa zaka zambiri ankaganiza kuti pa maphunziro a mwana wake alibe gawo lina koposa kulipira ndi kupemphera. Makolo ambiri kuno amaganiza chimodzimodzi, chifukwa mabuku ndi a Chingerezi, silabasi ndi yachilendo, ndipo iwo amafika kunyumba kutada atatopa. Koma wogwira buku safunika kudziwa sayansi. Amangofunika kukhala pansi, kugwira kope kuti mwana asaone, n'kunena kuti, "Undifotokozere." Ndipo mwana akamafotokozera mayi wake m'Chichewa zimene anaphunzira m'Chingerezi, sangabisale kuseri kwa mawu oloweza, ayenera kumvetsa kaye kuti apeze mawu akeake.

Mwezi watha ndinawapeza madzulo ali pa ntchito imeneyi. Mphika wa nyemba unali pa sitovu, mlongo wanga atakhala pa bedi, kope la Giredi 10 lili pamiyendo, chala chili pa chithunzi cha mtima, chifukwa kalendala ya kukhomo inasonyeza kuti tsikulo linali lobwerera ku mutu wa chaka chatha uja. Mtsikanayo anaimirira pafupi ndi chitseko, manja ali m'mwamba, akufotokoza kuti magazi ochokera m'thupi amalowa m'chipinda cha m'mwamba cha kumanja, n'kutsikira m'chipinda cha m'munsi, chimene chimawakankhira kumapapo kukatenga mpweya wabwino, ndipo akabwerako amalowera kumanzere, kumene amapopedwa kupita m'thupi lonse. Amayi ake anayang'anitsitsa chithunzicho kwa kanthawi, kenako anafunsa funso limene silinali m'kopemo: "Nanga bwanji mbali iyi aijambula yonenepa kuposa inzakeyi?" Mwanayo anakhala chete, milomo ikugwedera pang'ono, ndipo ine ndinadziletsa kuti ndisamuthandize. Patapita kanthawi anati, "Amayi, mbali ya kumanja imangotumiza magazi kumapapo, pafupi pomwepa. Ya kumanzereyi imayenera kuwakankha mpaka akafike kuchala cha kuphazi, ndiye mnofu wake uyenera kukhala wamphamvu." Mlongo wanga anayang'ana kwa ine kuti nditsimikize, ndinagwedeza mutu, ndipo iye anatsegula tsamba lotsatira.